Miyala ya Mcenga ndi ya Matope m'Cigwa ca Luangwa

Mukayenda m'cigwa ca Luangwa, penyetsetsani magombe a mitsinje, pamene miyala iri yosanjikizana ngati mphasa. Tolani umodzi, muukhudze ndi cala. Ukakhala wokhakhala, ndiwo mcenga umene mitsinje yothamanga inausiya kalekale. Njere zace zinamatidwa ndi njereza, kapena ndi dzimbiri la citsulo limene liufiiritsa. Wosalalawo, umene ophunzira aucha Madumabisa, unali matope odikha m'nyanja ndi m'madambo zaka zoposa 250 miliyoni zapitazo. Kulemera kwa zapamwamba kunafinya madzi, matope nasanduka mwala, nasunga mafupa a nyama zimene sizionekanso. Inu okumba zitsime, dziwani ici: madzi alowa mwa wamcenga, koma wamatope uwatsekereza, cotero kasupe atumphuka pamene wamcenga ugona pa wamatope.