Dziwani ufulu wanu: nkhalango ikamatha, phungu amve

Amene amayenda mumsewu wa Great East pakati pa Nyimba ndi Petauke amawadziwa matumba a makala ondandalikidwa m'mphepete mwake. Ambiri timangoguguda pamtima n'kudutsa, ngati kuti zoteteza chilengedwe ndi za mabungwe a ku Lusaka okha.

Chikhalirecho, Gawo 88 la Malamulo Oyendetsera Dziko la Zambia, monga anakonzedwera mu 2016, limalola nzika iliyonse kupereka pempho ku Nyumba ya Malamulo kuti lamulo likhazikitsidwe, lisinthidwe kapena lichotsedwe. Simufunika loya. Lamulo la zachilengedwe la 2011 nalo limati aliyense ali ndi ufulu wokhala pamalo aukhondo ndi osaika moyo pachiswe.

Kodi zimathandiza? Mabungwe oteteza chilengedwe anakakamira kwa zaka zambiri kukana mgodi wa Kangaluwi mu Lower Zambezi National Park, mpaka mu 2023 bungwe la boma loyang'anira zachilengedwe la ZEMA linafafaniza chilolezo cha mgodiwo.

Kwa Mfumu Luembe ndi Mfumu Nyalugwe, poyambira ndi Community Resources Board, imene anthu amasankha okha motsatira lamulo la nyama zakuthengo la 2015. Lembani dandaulo lanu, ambiri asainire, mupatse khansala ndi phungu, koma kope limodzi musunge.