Phunziro: Wosema ndi Mtengo wa Mkungudza

Tikafika pa Likhubula, m'tsinde mwa phiri la Mulanje, timapeza osema akugulitsa timabokosi tonunkhira ta mkungudza. Mtengowu umamera mwachilengedwe pa phiri lokhali, ndipo mu 1984 unasankhidwa kukhala mtengo wa dziko lathu. Matabwa ake sadyedwa ndi chiswe, n'chifukwa chake ocheka matabwa anaugwetsa kwambiri. Moto wolusa nawonso umapha mbande. Kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha.

Mtengo ukatha, luso la wosema lathanso. Mbande zimene bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust likubzala zidzatenga zaka zambiri kuti zikhwime. Ophunzira ndi makolo, tikambirane: tisanagule chosema, tingamufunse chiyani wogulitsa za kumene mtengowo wachokera?