Ngongole ku Britain: yambani ndi imene ingakutulutseni m'nyumba

Amalawi ambiri ku Britain sagwa m'ngongole chifukwa cha moyo wofuna zapamwamba. Ndalama zimathera kumudzi: fizi ya ana a achimwene, feteleza wa amayi, maliro, nyumba imene yaima pa lintala. Ena anatsika ndege ali kale ndi ngongole ya munthu amene anawapezera ntchito yosamalira okalamba. Malipiro akaperewera, munthu amatapa pa kirediti kadi kuti atumize kwawo, mwezi wotsatira n'kukongola kwina kuti atseke dzenje loyambalo.

Zikafika apa, dziwani kuti ngongole sizilemera mofanana. Kampani ya kirediti kadi ndiyo imaimba foni m'mawa ndi madzulo, ndiye ambiri amathamangira kuilipira n'kusiya lendi. Musatero. Lendi, council tax, gasi ndi magetsi, komanso chindapusa cha kukhothi zikhale patsogolo, chifukwa zimenezi zikhoza kukutulutsani m'nyumba kapena kukubweretserani olanda katundu pakhomo. Samalaninso ndi bilu ya chipatala, makamaka ya wachibale amene anabwera pa viza yodzacheza n'kugonekedwa: ngongole ya NHS ikafika mapaundi 500, Home Office ikhoza kukana kumupatsanso viza. A makadi alandire zotsala, ngakhale zichepe, bola mwawalembera kalata yofotokoza mmene zinthu zilili.

Makalata muzitsegula. Zimandipweteka kuona munthu wogwira ntchito usiku ndi usana akuunjika maenvulopu m'kabati chifukwa cha mantha. Mukapanda kuyankha chikalata cha kukhothi, chigamulo chotchedwa CCJ chimaperekedwa inu kulibe, ndipo chimakhala pa mbiri yanu ya ngongole zaka 6, pokhapokha mutalipira zonse pasanathe mwezi umodzi. Mbiri imeneyi amasunga a Experian, Equifax ndi TransUnion, ndipo ndi imene imafufuzidwa mukafuna nyumba ya lendi, foni ya pangongole kapena ngongole yogulira nyumba. Muli ndi ufulu woiona kwaulere.

Thandizo lenileni salipiritsa. StepChange, National Debtline ndi Citizens Advice amalangiza kwaulere komanso mwachinsinsi, ndipo malangizo otere sali m'gulu la thandizo la boma limene viza yanu imaletsa. Ku England ndi Wales, mlangizi akhoza kukulowetsani mu Breathing Space, ndondomeko imene inayamba mu 2021: kwa masiku 60 chiwongoladzanja cha ngongole zambiri chimaima ndipo okukongozani amasiya kukusowetsani mtendere. Ngati ngongole zanu sizikupitirira mapaundi 50,000, mulibe katundu wochuluka, ndipo mukalipira zofunika pamwezi mumatsala ndi mapaundi 75 kapena ocheperapo, pali Debt Relief Order. Kuyambira mu April 2024 kulembetsa kwake n'kwaulere, ndipo pakatha miyezi 12 ngongole zimene zinalembedwamo zimafufutidwa. Bankruptcy, kumene ndi kulengeza mwalamulo kuti simungathe kubweza, imafuna mapaundi 680. Kawirikawiri mumamasuka pakatha chaka, koma nyumba kapena galimoto yodula ikhoza kugulitsidwa, ndipo mudzafunsidwa za katundu yense, ngakhale puloti ya ku Lilongwe. Ngati mukulingalira zodzapempha unzika, kambiranani kaye ndi wodziwa malamulo a zolowa ndi kutuluka musanasaine kanthu. Ku Scotland malamulo ndi ena. Makampani otsatsa IVA (mgwirizano wobweza ngongole pang'onopang'ono) pa Facebook asakukopeni musanamve kwa alangizi aulere, poti iwo amapezapo phindu.

Katapila nayenso anawoloka nyanja, ndipo nthawi zina wokongozayo ndi mnzathu wa kutchalitchi. Ku Britain, kuchita bizinesi yokongoza ndalama popanda chilolezo cha Financial Conduct Authority n'kuphwanya lamulo, ndipo wolakwa ndi wokongozayo, osati inu. Wina akakusungirani pasipoti kapena khadi la kubanki ngati chikole, kapena akamaopseza kuti akakunenezani, auzeni a bungwe la Stop Loan Sharks.

Chovuta kwambiri n'kuuza a kumudzi. Iwo amamva za mapaundi koma lendi ya kuno saidziwa. Auzeni ndalama imene mungathe kutumiza pamwezi, ituluke m'malipiro osati pa khadi, ndipo patulani kangachepe pambali ka matenda ndi maliro.