KALENDALA YATHU IMAYAMBIRA PA KUTHAWA: PHUNZIRO LA DZALEKA



Tonse amene tinadutsa ku madrasa timadziwa kuti zaka za Chisilamu timayambira kuziwerenga pa Hijra, m'chaka cha 622. Ndiye kuti timawerengera pa chaka chomwe Mtumiki (SAW) anathawa kwawo kukasungidwa ndi anthu ena. Tiyeni tione maphunziro awiri.

1. Habasha: chitetezo

Cha m'ma 615, Maswahaba ena anathawira ku Habasha kwa mfumu Najashi, yemwe panthawiyo anali Mkhristu. Aquraish anatumiza Amr ibn al-As ndi mphatso kuti anthuwo abwezedwe. Ja'far ibn Abi Talib atafotokoza ndi kuwerenga ndime za Surah Maryam, mfumuyo inakana kuwapereka. Apa ndi pomwe pagona pangano la mayiko la 1951 lomwe Malawi inalowamo mu 1987: munthu sabwezedwa komwe moyo wake uli pachiwopsezo. Werenganinso Surah At-Tawbah ndime 6, muone kuti wopempha chitetezo, ngakhale asakhale Msilamu, amatetezedwa mpaka afike pamalo amtendere.

2. Madina: ulemu

Sa'd ibn ar-Rabi anafuna kugawira Abdurrahman ibn Awf theka la chuma chake. Abdurrahman anathokoza, n'kungopempha kuti amulozere msika. Wothawa kwawo safuna ufa wokha ayi. Amafunanso kudya thukuta lake.

Nanga kwathu kuno?

Kampu ya Dzaleka ku Dowa inatsegulidwa mu 1994 pamalo omwe kale anali ndende ya andale. Inakonzedwera anthu pafupifupi 12,000, koma lero muli oposa 50,000, ambiri ochokera ku DR Congo, Burundi ndi Rwanda, ena ku Somalia ndi Ethiopia. UNHCR imagwira ntchito ndi boma poteteza anthuwa, WFP imathandiza pa chakudya, JRS pa maphunziro. Thandizo la chakudya lakhala likudulidwa kaamba ka kuchepa kwa ndalama. Lamulo lathu limafuna kuti azikhala mukampu, ndipo mu May 2023 omwe ankachita malonda m'matauni anayamba kutengedwa kubwerera ku Dzaleka.

Ndikudziwa, wina anena kuti, "Ifeyo tikuvutika, maokala athu akugwa, ndiye tizisamalanso alendo?" Dandaulo limeneli ndi lenileni, sindikulipeputsa. Koma Surah Al-Hashr ndime 9 imatamanda ma Answari chifukwa chotsogoza alendo pomwe iwo eni anali osowa. Makolo athunso sanali olemera pomwe ankasunga anthu a ku Mozambique oposa 1 miliyoni nthawi ya nkhondo ya Renamo ndi Frelimo. Ndipo ife a kuno ku Soche sitinaiwale March 2023, Freddy atagumula phiri, mabanja a ku Chilobwe akugona m'makalasi. Kusowa pokhala sikuyang'ana chiphaso.

Tichitepo chiyani?

Choyamba ndi lilime. Mawu oti "maburundi" timawatchula monyoza, ngakhale kwa munthu wa ku Congo. Mufunseni dzina lake. Uthenga wa pa WhatsApp wonena kuti onse ndi mbava, osautumiza.

Chachiwiri ndi thumba. Wapaulendo wosowa ali m'magulu 8 olandira Zakaat. Tiwafunse a komiti ya mzikiti wathu ngati pogawa za Ramadhan amawakumbukira a ku Dzaleka, ndipo sadaka isasankhe chipembedzo.

Chachitatu ndi cha ife ophunzira. Ena tikuphunzira malamulo, ena unamwino, ena uphunzitsi. Werengani lamulo la othawa kwawo la 1989, kuti pokambirana tiziyankhula zomwe tikudziwa.

O Allah, apatseni mtendere onse othawa nkhondo, ndipo ifeyo mutipatse mitima ya ma Answari. Ameen.

Gawanani ndi anzanu. Kodi mzikiti wa kwanu ukuchitapo chiyani?