Kunyanyala boma lankhanza pa mpira ndi pa malonda: kodi kumathandiza?

Asilikali akalanda boma kwinakwake, pa wailesi timamva kuti mayiko ena aleka kuchita malonda ndi dzikolo kapena akana kusewera nalo mpira. Kwa munthu wa ku Utale zimamveka ngati zakutali, koma njanji ya pa Nkaya ndi nyumba yosindikizira mabuku ya ku Balaka zili m'kati mwa mbiri ya nkhaniyi. Nawa mafunso amene ambiri angafunse.

Kodi kunyanyala dziko n'kutani?

Ndi kulisala mwadala kuti olamulira ake asinthe khalidwe. Pa masewera, matimu amakana kukumana ndi timu ya dzikolo, kapena limachotsedwa m'mipikisano. Pa malonda, mayiko amaleka kugula katundu wake, kuligulitsa zida za nkhondo kapena kulikongoza ndalama. Nthawi zina amangoletsa atsogoleri ake kulowa m'mayiko mwawo.

Mpira ndi masewera chabe. Ungamuopseze bwanji munthu wa mfuti?

Wolamulira amene sanasankhidwe ndi anthu amafunitsitsa kuomberedwa m'manja, ndipo chikho chimam'patsa ulemu umene voti sinam'patse. Akakanidwa pa bwalo amachita manyazi, koma manyazi okha sachotsa munthu pampando. Ku Chile, Augusto Pinochet atalanda boma mu Sepitembala 1973, bwalo lalikulu la mpira la ku Santiago linasanduka ndende. Mu Novembala chaka chomwecho timu ya Soviet Union inakana kukasewera pabwalolo. Anyamata a Chile analowa okha, nagoletsa m'golo lopanda goloboyi, ndipo anapita ku mpikisano wa dziko lonse wa 1974. Pinochet analamulirabe mpaka 1990.

Nanga muno mu Africa?

Pa 10 Novembala 1995 boma la Sani Abacha ku Nigeria linanyonga mlembi Ken Saro-Wiwa ndi anzake asanu ndi atatu a mtundu wa Ogoni, omwe ankadandaula kuti mafuta akuwononga dera lawo. Bungwe la Commonwealth linaimitsa Nigeria. Nelson Mandela anapempha kuti mayiko aleke kugula mafuta a dzikolo, ndipo South Africa inabweza mawu ake oitana timu ya Nigeria ku mpikisano wina. Abacha anabwezera poletsa Super Eagles kupita ku mpikisano wa chikho cha Africa wa 1996 ku South Africa, chonsecho ndiwo ankasunga chikhocho atagonjetsa Zambia 2-1 mu 1994. Bungwe la CAF linawaletsanso kusewera mpikisano wa 1998. Osewera ndi ochemerera ndiwo analuza. Mafuta anagulidwabe, ndalama zinalowabe, ndipo Abacha anafera pampando mu Juni 1998.

Kodi kulipo kumene kunyanyala kunaphula kanthu?

Ku South Africa, ngakhale kuti kumeneko linali boma la tsankho la azungu, osati la asilikali. Dzikolo linachotsedwa mu Olimpiki mu 1970 ndi mu FIFA mu 1976. Mu 1977 United Nations inalamula mayiko onse kuti asaligulitse zida. Mu 1985 mabanki akunja anayamba kukana kuliwonjezera nthawi yobwezera ngongole, ndipo apa ndiye panawawa kwambiri. Mandela anatuluka m'ndende pa 11 Febuluwale 1990. Komabe zinatenga zaka zoposa makumi awiri, ndipo nthawi yonseyo eni dziko sanakhale chete: ana asukulu a ku Soweto anaukira mu 1976, antchito a m'migodi ananyanyala ntchito mu 1987.

Malawi anaima mbali iti?

Dr Kamuzu Banda anakana kusala South Africa. Mu 1967 anakhazikitsa nayo ubale wa ukazembe, mu 1970 mtsogoleri wa dzikolo John Vorster anabwera kuno, ndipo mu 1971 Kamuzu anapita kumeneko. Ndalama za dzikolo zinathandiza kumanga likulu ku Lilongwe ndiponso njanji yochoka pa Nkaya kudzera pa Liwonde kukafika ku Nayuchi, yomwe inatsegulidwa mu 1970. Amuna ambiri ankapitanso ku Joni kukagwira ntchito m'migodi. Kamuzu ankati dziko losauka, lopanda doko, silingadane ndi eni njira. Zambia inasankha zina. Ian Smith, wolamulira dziko loyandikana nayo kum'mwera, atatseka malire mu 1973, Kenneth Kaunda anakana kubwereranso ku njira ya kum'mwera kwa zaka zingapo, ndipo a Zambia anavutika kwambiri ndi mayendedwe a katundu. Ife tinapeza njanji ndi likulu, koma anansi athu ambiri anatiyang'ana ndi diso lina.

Kodi ifeyo tinasalidwapo?

Inde, ngakhale kuti Malawi sanalamulidwepo ndi asilikali. Lathu linali boma la chipani chimodzi, la makhadi, la apayoniya ndi la kutsekera anthu ku Mikuyu popanda kuwazenga mlandu. Mu Meyi 1992 mayiko opereka chithandizo, atakumana ku Paris, anaimitsa chithandizo chonse kupatula cha chakudya ndi cha othawa nkhondo, kufikira boma litalemekeza ufulu wa anthu.

Ndiye kuti matipate anatibweretsera ndi akunja?

Ayi, taonani mmene zinatsatiranira. Pa 8 Malichi 1992 kalata ya maepiskopi yodzudzula boma inawerengedwa m'matchalitchi a Akatolika m'dziko lonse. Inasindikizidwa ku Balaka ndi ansembe a Montfort, chipani chomwe chinayambitsanso mishoni ya Utale, ndipo posakhalitsa nyumba yosindikizirayo inaotchedwa. Pa 6 Epulo Chakufwa Chihana anamangidwa atangotsika ndege ku Lilongwe. Kumayambiriro kwa Meyi antchito a ku Blantyre ndi Limbe ananyanyala ntchito ndipo anthu ambiri anawomberedwa. Msonkhano wa ku Paris unabwera pambuyo pa zonsezi. Pa 14 Juni 1993 anthu pafupifupi 63 pa 100 alionse anavotera nyali ya matipate, kusiya tambala wakuda wa chipani chimodzi. Akunja anatseka thumba, koma mlandu unayambidwa ndi kumalizidwa ndi Amalawi.

Chilango chotere chimagwera ndani?

Kawirikawiri chimayamba ndi wosauka. Chaka cha 1992 chinali cha chilala choopsa, dziko likusunga anthu pafupifupi miliyoni imodzi othawa nkhondo ya ku Mozambique, ndipo kwacha inatsitsidwa mphamvu. Mu 2011 Britain itaimitsa chithandizo cha bajeti m'nthawi ya Bingu wa Mutharika, mafuta agalimoto ndi ndalama zakunja, zomwe zinali zikusowa kale, zinasoweratu. Nduna sinagone pa mzere wa petulo. Wa minibasi, wa chigayo ndi mayi wofuna mankhwala kuchipatala ndiwo anamva kuwawa. N'chifukwa chake masiku ano ambiri amati chilango chilunjike pa olamulira eni ake, pa ndalama zawo za kunja, maulendo awo ndi zida zawo, osati pa chimanga ndi mankhwala.

Tsono tivomereze kunyanyala kapena tikane?

Funsani zinthu zitatu. Kodi eni dziko omwe akuzunzika apempha okha? Kodi chilangocho chikukhudza chimene wolamulira amadalira, monga ngongole za South Africa ndi chithandizo cha Kamuzu, kapena chikulambalala monga zinachitikira ndi mafuta a Abacha? Kodi zanenedwa poyera zimene boma lichite kuti chilango chithe? Mayankho onse atatu akakhala inde, kunyanyala n'koyenera kukuchirikiza. Akapanda kutero, kumalanga wosewera mpira ndi mlimi, msilikali n'kukhalabe pampando.