Imfa ya Henry Blake mu MASH: mafunso pa gawo lomwe oonera akadatsutsanirana

Pa 18 Malichi 1975 wailesi ya kanema ya CBS ya ku America inaonetsa gawo la sewero la MASH lotchedwa "Abyssinia, Henry". Gawoli silikwana n'komwe mphindi 30, koma mathero ake anagawa okonda seweroli pawiri, ndipo mpaka lero sanamvane.

Kodi MASH n'chiyani?

Ndi sewero la pa kanema lomwe linkaonetsedwa mlungu ndi mlungu kuyambira mu Sepitembala 1972 mpaka mu Febuluwale 1983. Limasimba za madokotala ndi manesi a gulu lankhondo la America pa chipatala cha m'matenti chotchedwa 4077, pa nthawi ya nkhondo ya ku Korea ya 1950 mpaka 1953. Chinali chipatala chochitira maopaleshoni chomwe chinkatha kusamuka kutsata kumene kukumenyedwa nkhondo, ndipo ovulala ankafika pa helikoputala kapena pa ambulansi. Nkhaniyi inayamba ngati buku la a Richard Hooker mu 1968, n'kukhala filimu mu 1970, kenaka sewero la pa kanema.

Ndi sewero loseketsa kapena lomvetsa chisoni?

Ndi zonse ziwiri, ndipo mkangano wonse gwero lake lili pomwepa. Madokotalawo amamwa kachasu wotcheza okha m'tenti, amanyoza akuluakulu awo ndi kuchitana zachipongwe, koma helikoputala ikangomveka onse amathamangira kukang'amba ndi kusoka anyamata ovulala. A CBS ankaligulitsa ngati sewero la nthabwala, pamene olemba ake ankafuna kuti munthu aseke uku akukumbukira kuti kuseri kwa phiri anthu akuphana.

Nanga Henry Blake anali ndani?

Anali mkulu wa chipatalacho pa zaka zitatu zoyambirira za seweroli, ndipo ankamusewera ndi a McLean Stevenson. Sanali msilikali wa ntchito: anali dokotala wa ku Bloomington m'chigawo cha Illinois, wa mkazi ndi ana, wokonda kuwedza, yemwe ankayenda atavala chipewa chodzaza mbedza. Pa zolamula anali wofooka moti ankasaina chikalata chilichonse chimene kalaliki wake Radar wamupatsa osachiwerenga, koma mpeni wa opaleshoni ankaudziwa ndipo anthu ake ankawakonda. Oonera ankamuona ngati malume wopanda ukali amene ana amamuseka koma safuna kuti achoke.

Dzina loti Abyssinia likutanthauza kuti nkhaniyi ikukhudza dziko la Ethiopia?

Ayi. Ndi kutsanzikana kwa nthabwala kwa anthu a ku America akalekale, chifukwa dzinali likatchulidwa msangamsanga limamveka ngati mawu awo onena kuti tidzaonananso.

Zinatheka bwanji kuti apite kwawo nkhondo ili m'kati?

Gulu lankhondo la America linali ndi dongosolo la mapointi. Msilikali ankapatsidwa mapointi pa mwezi uliwonse umene wakhala ku Korea, ndipo akakwanitsa chiwerengero choikika ankaloledwa kubwerera kwawo, wina n'kubwera kudzalowa m'malo mwake. Gawoli limayamba ndi Radar akulowa m'chipinda cha opaleshoni kudzauza Henry kuti mapointi ake akwana.

Kodi mapointiwo ankaperekedwa mofanana kwa aliyense?

Ayi, zinkatengera kuopsa kwa malo. Amene anali kutsogolo kwenikweni kwa nkhondo ankalandira mapointi 4 pa mwezi, pamene ogwira ntchito kumbuyo ankalandira 2, ndipo pofika mu 1952 msilikali wamba ankafunika mapointi 36. Okonda seweroli amaseka apa: nkhondo inatha zaka 3, sewero linatha zaka 11, koma Hawkeye, mmodzi mwa madokotalawo, mapointi ake sanakwane mpaka tsiku lomaliza.

Chimachitika n'chiyani m'gawoli?

Mbali yaikulu ndi chisangalalo cha munthu amene akupita kwawo. Henry amaimbira foni mkazi wake Lorraine, anzake amamuchitira phwando ku bala ya Rosie n'kumupatsa suti yoti akafikire nayo kwawo, ndipo dokotala Frank Burns, yemwe ambiri samamukonda, amatenga udindo akulizira wezulo aliyense. M'mawa Henry amatsanzika mmodzimmodzi, n'kupsompsona mkulu wa manesi, Margaret Houlihan, gulu lonse likuona. Atatsala pang'ono kukwera helikoputala amaona Radar ataima chilili akumuchitira sailuti, ndipo amabwerera kudzamukumbatira.

Ndiye imfayo imaoneka pa kanema?

Sioneka. Madokotala ali pakati pa opaleshoni, Radar amalowa wopanda chophimba kukamwa, ali dzandidzandi, n'kuwerenga uthenga woti ndege ya Henry yaomberedwa pamwamba pa Nyanja ya Japan ndipo palibe wapulumuka. Kamera imayenda pa nkhope za anthu omwe akuoneka maso okha, ena misozi ili m'maso, koma manja osaleka ntchito chifukwa pa tebulo pali wodwala. Kenaka pamabwera tizidutswa ta zoseketsa zomwe Henry anachita m'magawo akale, gawo n'kuthera pomwepo.

Bwanji m'chipinda cha opaleshoni simumveka kuseka kuja kwa m'masewero a ku America?

Kuseka kumeneko n'kojambuliratu: amakuika pambuyo pa nthabwala iliyonse kuti woonera kunyumba amve ngati ali m'gulu la anthu. Okonza MASH, a Larry Gelbart ndi a Gene Reynolds, sankakufuna, koma a CBS anakakamira, ndiye anagwirizana kuti m'chipinda cha opaleshoni mokha musamamveke kuseka. N'chifukwa chake uthenga wa Radar unagwera m'malo oyenera, pomwe woonera anazolowera kale kuti zinthu sizikhala zamasewera. Ku Britain wailesi ya BBC inkaonetsa seweroli popanda kuseka kojambulako.

N'chifukwa chiyani olemba anamupha? Sakanangomulola kufika kwawo?

A Stevenson anali atanena kale kuti akusiya seweroli, choncho Henry anayenera kuchoka basi. A Gelbart ndi a Reynolds anaona kuti mpata uwu ungaonetse chinthu chimene sewero la nkhondo silingamachithawe mpaka kalekale: si onse opita kunkhondo amene amabwerera. Asanafike apa, ofa mu MASH anali alendo obwera gawo limodzi lokha, anthu oti woonera sanawazolowere.

Nanga a Stevenson anasiyiranji sewero lotchuka chotere?

Sankakhutira ndi kukhala mmodzi chabe mwa gulu pamene nkhani zambiri zinkazungulira pa Hawkeye, yemwe ankamusewera ndi a Alan Alda. Anapita ku wailesi ya NBC kukatsogolera masewero awoawo, monga The McLean Stevenson Show ndi Hello, Larry, koma palibe lomwe linakhalitsa. Pambuyo pake anavomera poyera kuti anthu ankakonda Henry Blake, osati iwowo. Anamwalira mu Febuluwale 1996.

Oonera anachilandira bwanji?

Kunabwera makalata oposa 1,000, ambiri a anthu okwiya, ndipo ena ankalumbira kuti sadzaoneranso seweroli. Akuluakulu a CBS ndi a kampani ya 20th Century Fox, yomwe inkalijambula, nawonso sanakondwe. Lumbiro lija silinapite patali: MASH inapitirira zaka zina 8, ndipo gawo lake lotsiriza mu 1983 analionera anthu oposa 100 miliyoni ku America kokha.

Okwiyawo ankati chalakwika n'chiyani kwenikweni?

Dandaulo lawo lalikulu linali loti anawanyenga. Iwo anakhala pansi madzulo ndi ana awo kuti aseke, sewero linawasangalatsa mphindi zoposa 20, kenaka n'kuwaponyera maliro popanda chenjezo. Ena mpaka pano amati imfayo sinachokere m'nkhani: Henry sanafe akupulumutsa munthu kapena chifukwa cha kulakwitsa kwake, anangofafanizidwa pa pepala. Enanso amafunsa za Lorraine ndi ana, omwe anali akuwerenga masiku.

Nanga oliyamikira amati chiyani?

Amati chimene anzawo akuchitcha vuto ndicho mphamvu ya gawoli. Kunkhondo imfa siyang'ana kuti munthu ndi wabwino kapena kuti suti yake yasokedwa kale, ndipo uthenga wake umafika anthu ali pa ntchito, monga momwe unawafikira madokotala aja. Amaonjeza kuti Henry akanafa mwaungwazi, woonera akanapeza pothawira, n'kumati zinali ndi tanthauzo. Magazini ya TV Guide inaika gawoli pa mndandanda wake wa 1997 wa magawo 100 opambana m'mbiri ya kanema.

Ndiye akulondola ndani?

Pa za nkhani yeniyeniyo, oyamikira ali ndi mfundo yolimba. Sewero lomwe kwa zaka zitatu linkaonetsa magazi a ana a eni silikanapitiriza kuteteza anthu ake okha popanda kusanduka bodza. Okwiya akunena zoona kuti anadzidzimutsidwa dala, koma munthu salembera kalata wailesi chifukwa cha munthu wopeka amene sanamukonde. Ukali wambiri wa m'makalata aja unali chisoni chosowa kolowera.

Ndinamva kuti ochita seweroli sankadziwa kanthu mpaka Radar atawerenga uthenga kamera ikujambula. Ndi zoona?

Nkhaniyi imakambidwa kwambiri, koma siili choncho ndendende. Zoona zake n'zakuti tsamba lomaliza analibisa mlungu wonse wojambula, ndipo mwa ochita sewero ndi a Alan Alda okha amene ankadziwa. Zina zonse zitajambulidwa, a Gelbart, omwe ankatsogolera kujambulako, anaitanira pambali ochita sewero akuluakulu n'kuwaonetsa tsambalo, kenaka n'kupita kukajambula. Cholinga chinali choti zotsanzikana zija azisewere mosangalala zenizeni, asakudziwa kuti akutsanzika munthu wokafa.

Nanga phokoso la chitsulo chogwa lomwe limamveka Radar atatuluka?

Silinali m'ndondomeko. Mbaliyi anaijambula kawiri chifukwa koyamba panali vuto la zipangizo, ndipo pa ulendo wachiwiri wina anagwetsa mwangozi chida cha opaleshoni pakati pa bata lija. Analisiya momwemo, ndipo okonda seweroli amalitchula kawirikawiri ngati chinthu chomwe wolemba aliyense akanalakalaka atachiganiza yekha.

Kodi sikunali kulanga a Stevenson chifukwa chosiya ntchito?

Oonera ena amakhulupirira zimenezo, poti munthu wakufa sangabwererenso ngakhale atasintha maganizo. A Gelbart ankakana, n'kumati cholinga chinali nkhondo, osati munthu. Komabe apa m'pamene odandaula ali ndi pogwira: a Stevenson anauzidwa mphindi zomalizira ngati wina aliyense, pa tsiku lawo lotsiriza, ndipo anachoka osakhala nawo pa phwando lotsekera chaka lomwe linakonzedwa. Gawo likhoza kukhala labwino pamene njira youzira mwini wake inali yopanda ulemu.

Anthu amatchulanji nkhondo ya ku Vietnam pokamba za gawoli, chikhalirecho nkhani ndi ya ku Korea?

Chifukwa oonera a mu 1975 nkhondo imene ankaidziwa m'nyumba zawo inali ya ku Vietnam, komwe kunafera asilikali a America oposa 58,000. Seweroli linkanena za Korea, koma aliyense ankamva kumene likuloza. Mzinda wa Saigon unagwa pa 30 Epulo 1975, patangopita milungu 6 gawoli litaonetsedwa, ndipo m'mabanja ambiri uthenga ngati wa Radar sunali wopeka.

Trapper John, dokotala mnzake wa Hawkeye, nayenso anasowa pambuyo pa gawoli. Anafera limodzi?

Ayi. A Wayne Rogers, omwe ankamusewera, anasiya seweroli pa nthawi yopuma chaka chachinayi chisanayambe, choncho gawoli linangopezeka kuti ndi lomaliza kwa iwonso. Chaka chachinayi chimayamba Trapper atapita kale kwawo ali moyo, Hawkeye n'kumuphonya pa bwalo la ndege ndi mphindi zochepa, ndipo okonda Trapper amadandaula kuti sanapatsidwe ngakhale mwayi wotsanzika.

Analowa m'malo mwawo ndani, ndipo oonera anawalandira?

Mkulu watsopano anali Sherman Potter, msilikali wokalambira pa ntchito, yemwe ankamusewera ndi a Harry Morgan, ndipo mnzake wa Hawkeye anakhala B.J. Hunnicutt wa a Mike Farrell. Olemba sanayese kupanga Henry wachiwiri: Potter anali wolamula mosanyengerera, ndipo B.J. anali wokhulupirika kwa mkazi wake, mosiyana ndi Trapper. Ambiri anawalandira, koma kuchokera apa okonda MASH ali m'magulu awiri. Ena amati zaka zitatu zoyamba ndizo zinali zokoma, pambuyo pake sewero linayamba kulalikira. Ena amati linakhwima pamene Henry anafa.

Kodi Henry amatchulidwanso m'magawo otsatira?

Inde, mwa apo ndi apo, makamaka ndi Radar ndi Hawkeye. M'gawo lotsatiridwa ndi lomaliza mu 1983, pamene anthu a pachipatalacho akukwirira bokosi la zikumbutso, amaikamo kanyambo kowedzera ka Henry poimira onse amene sanafike kwawo.

Sindinaonerepo MASH. Ndingayambire pa gawo limeneli?

Mungathe, koma mukaona imfa ya munthu wachilendo. Ndi bwino kuyamba mwaonera magawo angapo a zaka zitatu zoyambirira kuti muzolowere Henry ndi ubale wake ndi Radar, yemwe ankamutenga ngati bambo ake. Musadumphe gawo la chaka choyamba lotchedwa "Sometimes You Hear the Bullet", momwe mnzake wa Hawkeye amafera pa tebulo la opaleshoni ndipo Henry ndiye amamutonthoza. Ngati mwapeza ma DVD a seweroli, ali ndi posankha kuti muonere popanda kuseka kojambula kuja.