TB yosamva mankhwala imachizika, bola kumaliza mankhwala

Anthu ambiri akamva kuti chifuwa chachikulu cha m'bale wawo sichikumva mankhwala amataya mtima, koma matendawa amachizika. Pamene pagona vuto ndi pakumwa mankhwala mpaka tsiku lomaliza. TB wamba imachizidwa kwa miyezi 6, ndipo mankhwala amene amagwira ntchito yaikulu ndi rifampicin ndi isoniazid. Tizilombo tikayamba kupirira awiriwa, madokotala amati ndi MDR-TB. Ena amafika pamenepa chifukwa chodumphitsa mankhwala, koma ena amangopuma tizilombo tokhwima kale totuluka kwa wodwala wina, choncho si bwino kuloza chala wodwala aliyense kuti anachita dala. Kuchipatala makhololo amayezedwa ndi makina a GeneXpert, amene pa maola pafupifupi awiri amaonetsa ngati tizilombo tikugonjabe ku rifampicin kapena ayi.

Mantha a anthu ali ndi pochokera. Kale wodwala MDR-TB ankamwa mankhwala kwa miyezi 18 mpaka 24, miyezi yoyambirira akubayidwanso jakisoni amene ena anawagonthetsa makutu. Mu 2022 bungwe la WHO linavomereza njira ya miyezi 6 ya mapiritsi okhaokha: bedaquiline, pretomanid, linezolid ndi moxifloxacin. Si wodwala aliyense amene njirayi imamuyenera, ndipo amene amasankha ndi dokotala.

Wina angati, "Chifuwa chasiya, thupi labwerera, ndimwerenji?" Kupeza bwino kumafika msanga tizilombo tisanathe, ndipo totsalirato ndi touma mutu kwambiri. Tikachulukanso, mankhwala otigonjetsa amakhala atachepa. Wina angadandaule kuti mapiritsiwa akumuvutitsa, ndipo sakunama: linezolid amatha kuchititsa dzanzi kumapazi, kuchepetsa magazi kapena kusokoneza maso. Zikatero pitani kuchipatala msanga, dokotala akhoza kusintha mlingo kapena kupereka mankhwala ena. Kusiya mwakachetechete ndiko koopsa. Makapusozi a pagolosale monga amoxicillin sachiza TB, ndalama zimangopita pachabe, pamene mankhwala a TB m'zipatala za boma ndi aulere.

Kuti mankhwala asadumphidwe, pakhomo pamafunika munthu mmodzi woona wodwala akumeza mapiritsi tsiku lililonse, osati kungomufunsa ngati wamwa. Tsekulani mawindo mphepo izidutsa. Onse okhala m'nyumbamo akayezetse, makamaka ana aang'ono, amene ali ndi HIV, ndi aliyense amene akutsokomola, kuonda kapena kutuluka thukuta usiku.